Kalata kwa Tadala: kodi mayi a Precious ndi odwala?

Wokondedwa Tadala,

Ndikhulupirira uli bwino kumeneko ku Leeds pamodzi ndi abambo a kunyumba ndi ana. Kuno tilipo. Mayi miyendo ija yayambanso kuwavuta, koma kumunda sakusiya, ukuwadziwa.

Nkhani unaiyambitsa pa WhatsApp ija singathe ndi timauthenga ta mizere iwiri, n'chifukwa chake ndakhala pansi kuti ndikulembere bwinobwino. Unati utaonera filimu ya Precious tulo sitinabwere, ndipo unagamula kuti Mary, mayi wa mtsikana uja, ndi wodwala matenda a maganizo. Unati palibe mayi wa mutu wabwino amene angachite zoterozo kwa mwana wobereka yekha, choncho tizimumvera chisoni m'malo modana naye. Mtima umene unanenera mawuwo ndikuudziwa, ndi womwe uja unkakuchititsa kugawa chakudya chako kusukulu mpaka iwe kutsala ndi njala. Koma pano, mnzanga, sindikugwirizana nawe, ndipo nkhaniyi yandikhudza kwambiri moti sindingangoti "eya" kuti tisiyane bwino.

Tiyambe ndi zimene filimuyo ikutionetsa tisanawonjezere zathu. Nkhani ikuchitikira ku Harlem, mumzinda wa New York, m'chaka cha 1987. Precious ali ndi zaka 16, kuwerenga sakutha, ndipo ali ndi pakati pachiwiri. Mimba zonse ziwiri ndi za Carl, bambo ake omubereka, ndipo Mary akudziwa. Filimuyi inatuluka mu 2009, anaikonza ndi Lee Daniels kuchokera m'buku la Sapphire lotchedwa Push la 1996. Kuyambira poyamba mpaka pomaliza mulibe dokotala amene akumuyeza Mary, ndipo palibe amene akutchula dzina la matenda alionse. Zoti akudwala tikunena ndife oonera.

Sindikukana kuti pali zizindikiro. Mkazi uja amangobindikira m'nyumba yamdima, fodya pakamwa, maso pa TV, kucheza kwake ndi amphaka. Mkwiyo wake umabwera mosachenjeza. Munthu wotere akanabwera kuchipatala, dokotala akanamufunsa ngati amagona, ngati amadya, ngati pali chimene chimamusangalatsa, ndipo mwina akanapeza kuti ali ndi matenda ovutika maganizo. Chachikulu n'chakuti Mary samuona Precious ngati mwana ayi, amamuona ngati mkazi mnzake amene wamulanda mwamuna. Kaganizidwe kameneka n'kopotoka, ndipo ndikumvetsa chifukwa chake unafulumira kunena kuti mutu wake sukuyenda. Ine ndikuvomera kuti n'kutheka kuti Mary ali ndi vuto la m'maganizo. Chimene ndikukana n'chakuti vutolo ndi limene limamenya Precious.

Ubwererenso pamalo paja pamene mayi wa ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu akubwera kudzayendera pakhomo. Mwana woyamba wa Precious, amene anabadwa ndi Down syndrome, vuto limene limachedwetsa kakulidwe ka thupi ndi nzeru, sakhala m'nyumba imeneyo, amakhala kwa agogo. Koma tsiku limeneli agogo amubweretsa kuti azioneka ngati amakhala pomwepo, chifukwa ndalama za chithandizo cha boma zimadalira zimenezo. Taona zimene Mary akuchita. Wavala wigi. Wanyamula mwana pamiyendo. Mawu asintha, afewa, akuyankha mwaulemu, akunena kuti ntchito akufunafuna. Mlendo atangotuluka, mwana uja wamukankhira uko, kutukwana kwayambiranso. Pamenepa pali zinthu zingapo zimene mkazi ameneyu akudziwa bwino lomwe. Akudziwa mmene mayi wabwino amaonekera, popeza watha kumutsanzira. Akudziwa kuti zimene amachita masiku onse n'zosayenera kuonedwa ndi anthu, popeza wazibisa. Akudziwanso amene angamuchitire nkhanza popanda chomuchitikira ndi amene sangamuyerekeze. Wa ku ofesi sanamugende ndi chiwaya. Chiwaya chimapita kwa mwana amene alibe kothawira.

Ndipo nkhanza zake zili ndi cholinga. Akamauza Precious kuti sukulu ilibe ntchito, kuti ndi mbuli, kuti palibe amene angamufune, akumanga mpanda kuti mwanayo asatuluke, chifukwa akatuluka ndalama zitha, wophika asowa, womutumikira asowa. Aja mang'ina a nkhumba amene anamukakamiza kudya, ndi njira yomuonetsa kuti ngakhale pamimba pake alibe ulamuliro. Tsiku limene Precious anabwera kuchokera kuchipatala ndi khanda lake Abdul, Mary anayamba wapempha mofatsa kuti amunyamule mdzukuluyo, kenako n'kumuponya pansi, ndipo chimene chinamukwiyitsa chinali chakuti Precious anaulula za bambo ake ku ofesi, ndalama n'kuduka. Pamene mtsikanayo ankathawa ndi khanda pamasitepe, Mary ananyamula TV n'kuiponya kuchokera pamwamba. Zoopsa kwambiri, inde. Koma ukalondola chingwe chake upeza kuti chilichonse chikuthera pa phindu la Mary kapena pa kubwezera kwa Mary.

Ndikupatse chitsanzo cha mayi amene matenda anamulanda nzeru zenizeni, kuti uone kusiyana. Mu June 2001, ku Houston m'chigawo cha Texas, Andrea Yates anamiza ana ake asanu m'bafa. Mkaziyu anali atagonekedwapo m'chipatala cha matenda a maganizo, anali atayesapo kudzipha, ndipo anali ndi matenda aja amene amagwira amayi ena akangobereka, amene amachititsa munthu kumva mawu kulibe wolankhula ndi kukhulupirira zinthu zoti kulibe. Iye ankakhulupirira kuti akupulumutsa anawo kwa Satana. Atatha anaimbira yekha apolisi. Khoti loyamba mu 2002 linamupeza wolakwa, koma mlandu utazengedwanso mu 2006 anagamula kuti sanali ndi mlandu chifukwa cha misala, ndipo anamutumiza kuchipatala. Matenda amenewa amagwira mayi mmodzi kapena awiri pa amayi 1,000 amene abereka, ndipo ochuluka mwa iwowo savulaza mwana, amachira akalandira thandizo msanga. Tsono yerekeza awiriwa. Wina sanabise kanthu, sanapindule kanthu, dziko limene ankaliona silinali lenileni. Winayo kwa zaka zoposa khumi wakhala akusankha nthawi, malo ndi munthu, n'kumakonza bodza loti auze boma. Kuwaika m'dengu limodzi n'kumulakwira woyambayo.

Pali chinanso chimene chimandiwawa tikamathamangira kunena kuti wankhanza aliyense ndi wodwala. Ukuwakumbukira amalume anga aja, mmene matenda ankawayambira, kusagona usiku, kuyenda mtunda wautali opanda nsapato, kulankhula ndi anthu osaoneka. Tinkawaperekeza kuchipatala cha ku Zomba kuno, n'kubwerako ali bwino, mpaka atasiyanso mankhwala. Zaka zonsezo sanakwezepo dzanja pa mwana. Amene ankagendedwa ndi iwowo, ana a m'mudzi akuwathamangira pambuyo, akuluakulu akuseka. Ofufuza anaona kale kuti anthu odwala matenda a maganizo kawirikawiri ndiwo amachitiridwa nkhanza kuposa mmene iwo amachitira ena. Ndiye tikaona chilombo cha munthu pa kanema n'kunena kuti "ameneyu ndi wamisala basi", tikuwasenzetsa amalume katundu amene si wawo. Mawa mkazi amene akumwa mankhwala a matenda a maganizo adzaopa kuuza apongozi ake, chifukwa adzamulanda mwana poganiza kuti ndi Mary wina.

Mwina undiyankha kuti sukunena misala yoyenda nayo mumsewu, ukunena zija akatswiri amati personality disorder, pamene khalidwe lenileni la munthu linakhota kuyambira kale: kusamva chisoni, kudziona yekha, kuopa kusiyidwa mpaka kuwononga aliyense womuzungulira. Ambiri amene amakambirana za filimuyi amatchula zimenezi, ndipo sindinganene kuti akulakwitsa kotheratu. Koma dziwa kuti ngakhale dokotala atalemba dzina limenelo pa khadi la Mary, silikutanthauza kuti sadziwa chabwino ndi choipa. Makhoti akamaweruza za misala amafunsa ngati munthu ankadziwa chimene akuchita, ndiponso ngati ankadziwa kuti n'cholakwa. Wigi ija yayankha kale mafunso onse awiri. Komanso alipo anthu ambiri amene anapatsidwa dzina la matenda lomwelo, amene akulimbana nalo tsiku ndi tsiku, ndipo ana awo akugona mwamtendere.

Madokotala enieniwo amasamala kwambiri pa nkhani yotchula matenda a munthu amene sanamuone. Ku America mu 1964 magazini ina inafunsa akatswiri a matenda a maganizo ngati Barry Goldwater, amene ankapikisana nawo pa upulezidenti, anali ndi mutu wabwino, ndipo ambiri anayankha asanakumanepo naye n'komwe. Zinabweretsa manyazi aakulu, moti mu 1973 bungwe lawo linakhazikitsa lamulo loletsa dokotala kunena za matenda a munthu wotchuka amene sanamuyeze. Mary ndi munthu wopeka, lamulolo silimuteteza, ndipo palibe choletsa ife kukambirana. Koma ngati odziwa ntchito amafuna kukhala ndi munthu, kumva mbiri yake, kufunsa achibale, ife tisadzikhulupirire kwambiri ndi maola awiri a kanema.

Tsopano ndifike pamalo pamene ndikudziwa kuti ndi pomwe panakugwetsa misozi, chifukwa nanenso panandigwetsa. Kumapeto kuja, mu ofesi ya Ms. Weiss, mayi wina woona za chisamaliro cha anthu amene akutsatira nkhani ya Precious, Mary akufunsidwa kuti nkhanzazi zinayamba liti. Akufotokoza kuti Precious anali ndi zaka zitatu pamene Carl anayamba kumugwiragwira, iye ali pabedi lomwelo. Akuti anayesa kulankhula, mwamunayo n'kumukalipira kuti akhale chete, ndipo anakhaladi chete. Kenako akulira, akufunsa kuti nanga iye akanamukonda ndani. Mo'Nique, amene ndi Mary mu filimuyi, anasewera malo amenewa mwaluso loti unaiwala kuti ndi sewero, ndipo m'pake kuti analandira mphoto ya Oscar mu 2010. Iye mwini ananena poyera kuti ali mwana anachitidwa nkhanza zogonana ndi mchimwene wake, choncho munthu wotereyu sanachite kumuwerenga m'buku.

Ukamvetsera bwino kulira kumeneko, muli ululu weniweni. Mkazi uja ndi wosweka, wosungulumwa, ndipo nayenso ankamuopa Carl. Sindikufuna kumuchotsera zimenezo. Koma umvetserenso kuti akulirira ndani. M'mawu onse aja Precious wa zaka zitatu sakuoneka ngati mwana amene anapwetekedwa, akuoneka ngati amene anayambitsa. Mary akukumbukira zonse, usinkhu wa mwana, malo, zimene zinanenedwa. Sanasokonezeke usiku umenewo. Anaona, anadziwa kuti n'zoipa mpaka analankhula, kenako anayeza pakati pa mwana ndi mwamuna n'kusankha mwamuna. Ndipo tsiku lililonse lotsatira anasankhanso chimodzimodzi. Ngakhale kubwera kwake ku ofesi kuja, akufuna Precious abwerere kunyumba, ndipo tonse tikudziwa chimene chimabwerera limodzi ndi Precious.

Unanenanso kuti mwina Mary nayenso anazunzidwa ali mwana. N'kutheka ndithu, nkhanza zimayenda m'mabanja. Koma sizimayenda ngati magazi. M'chaka chomwecho cha 1987 chimene nkhaniyi ikuchitikira, akatswiri awiri a ku Yale, Joan Kaufman ndi Edward Zigler, anaunika kafukufuku amene analipo n'kupeza kuti pa anthu atatu amene anazunzidwa ali ana, pafupifupi mmodzi ndi amene amadzazunza ana ake. Chiwerengero chimenechi n'chachikulu, koma chikutanthauzanso kuti awiri satero. Akuluakulu anati m'mimba ndi nchipala. Umboni uli mu filimu momwemo. Ndani anazunzidwa kuposa Precious? Wagwiriridwa ndi bambo ake kuyambira ali ndi zaka zitatu, wamenyedwa ndi mayi ake, wapatsidwa kachilombo ka HIV, ndipo ngati pali munthu mu filimuyi amene zizindikiro za kuvulala m'maganizo zikuonekera poyera ndi iyeyo. Uja akamachitidwa zoopsa maganizo ake amathawira kwina, n'kumadziona atavala bwino anthu akumujambula, si maloto wamba a mtsikana, ndi mmene ubongo wa mwana umadzitetezera ululu ukapyola muyeso. Komabe mtsikana ameneyu akuyamwitsa Abdul, akumuteteza ndi thupi lake pamasitepe, akuphunzira kuwerenga kuti adzamuwerengere. Ngati kuvulala m'maganizo kukanakhala kokwanira kupanga munthu wankhanza, Precious akanaposa mayi ake.

N'chifukwa chake ndimadabwa kuti tonse, ine ndi iwe ndi ena ambiri, tikatha kuonera timathera nthawi pa mutu wa Mary. Ndikuganiza kuti timafuna akhale wodwala kuti mitima yathu ikhale pansi. Akakhala wodwala ndiye kuti ndi wosiyana nafe, zotere zimachitika kwa anthu ena, m'nyumba zina. Akakhala kuti ali bwinobwino ndiye kuti angakhale mayi amene timakhala naye benchi imodzi kutchalitchi, amene amaphika bwino pamaliro, amene aliyense amamutama ulemu.

Iwe wachoka kalekale koma sunaiwale mmene timachitira kuno. Bambo akagona ndi mwana wake timati anamutuma sing'anga kuti alemere, kapena walodzedwa, kapena ziwanda. Mayi akawotcha manja a mwana chifukwa cha ndiwo timati anapsa mtima, Satana anamulowa. Nthawi zonse timapeza wina woti asenze mlandu, kuti wochitayo atsale woyera ndipo banja lisachite manyazi. Kunena kuti "ndi matenda" kukhoza kukhala njira yomweyo, yangovala jekete ya chipatala. Kafukufuku wa nkhanza kwa ana amene anachitika m'dziko muno mu 2013 anapeza kuti mtsikana mmodzi mwa asanu alionse anachitidwapo nkhanza zogonana asanakwanitse zaka 18, ndipo anyamata awiri mwa atatu anamenyedwapo mwankhanza. Ochita zimenezi ndi makolo, achibale, aphunzitsi, zibwenzi, anzawo. Kodi onsewa ndi odwala? Akanakhala odwala bwenzi dziko lonse lili chipatala. Ambiri ndi anthu amene anaphunzira kuti mwana ndi katundu wawo, ndipo anaona kuti palibe amene adzawafunse.

Munthu amene sindimuiwala mu filimuyi ndi agogo aja. Amadziwa khalidwe la mwana wawo, amaona mmene akumukankhira mdzukulu, amapukusa mutu, koma pamaso pa wa ku ofesi sakutsegula pakamwa. Agogowo palibe amene amafunsa ngati ndi odwala, chifukwa tonse tikuwazindikira. Ndi azakhali athu amene amati za m'nyumba sitiulula. Ndi ankhoswe amene amati pirira, banja ndi kupirira. Pa ntchito yanga ya uphunzitsi ndakumana nawo ana obwera ndi zipsera zimene nkhani yake sikugwirizana, ndipo ukaitana kholo limabwera litavala bwino, lodzichepetsa, mpaka umayamba kudzikayikira wekha. Wigi ya Mary ndaiona ndi maso anga, Tadala, kangapo konse. Malamulo tili nawo, lija la 2010 loteteza ana lilipo, kupolisi kuli ofesi yothandiza ochitidwa nkhanza, nambala ya foni yothandiza ana ya 116 ndi yaulere. Chimene chimasowa ndi munthu wamkulu woyamba kunena kuti ndaona.

Usandimve ngati ndikuti Mary atayidwe. Ngati akudwala alandire mankhwala, apeze womumvetsera, ndipo akanathandizidwa kale Carl asanamuzolowere mwina zina sizikanachitika. Kholo limene lili ndi matenda a maganizo, lopanda ndalama, lopanda wolithandiza, likhoza kulephera kusamala mwana, ndipo kulithandiza kholo lotero ndi kuteteza mwanayo. Iwe ukudziwa zimenezi kuposa ine, popeza umasamalira okalamba amene nzeru zinayamba kuwathawa, amene amakutukwana lero mawa osakumbukira. Amenewo ukawakhululukira ukuchita bwino, chifukwa sasankha woti amutukwane, ndipo sasintha nkhope bwana akalowa. Ndikuganiza kuti chifundo cha kuntchito kwakocho ndi chimene wamubwereka Mary. Koma zinthu zili ndi ndondomeko yake. Choyamba mwana achoke pamoto. Chachiwiri wamkulu avomere chimene anachita, osamuloza mwana chala. Za chipatala zibwere, koma zisakhale chifukwa chomuuzira mwana kuti bwerera, mayi ako sankadziwa.

Chimenechi ndicho ndikuopa kwambiri pa mawu ako aja. Mwana wozunzidwa amafunafuna kale chifukwa chokhululukira kholo lake, amadziimba yekha mlandu, amaganiza kuti akanakhala wabwinoko sakanamenyedwa. Ukamuuza kuti mayi ako ndi odwala, iye amamva kuti ntchito yake ndi kuwadwazika. Precious atamva zonse mu ofesi muja sanafunse kuti mayi ake akudwala chiyani. Anamvetsa kwa nthawi yoyamba kuti mkazi ameneyu ndi wotani, anamuuza kuti sadzamuonanso, ananyamula ana ake awiri n'kutuluka. Ms. Weiss naye, Mary atamuchonderera kuti akamubweze mwanayo, sanayankhe, anangochokapo. Ine ndikuona kuti onse awiri anachita bwino, ndipo akanachitabe bwino ngakhale pa tebulo paja pakanakhala kalata ya dokotala.

Ukapeza mpata uonerenso malo awiri okha, pobwera wa ku ofesi kunyumba ndi pomaliza paja, kenako undiuze ngati ukuonabe chimodzimodzi. Ngati pali chimene ndachiphonya chimene iwe wa kuchipatala ukuchiona, undilembere, ndikufuna kuchimva. Koma usaonere ndi Thoko, filimuyi si ya msinkhu wake, ngakhale atakakamira bwanji.

Mayi akuti ndikupatse moni, akufunsa ngati ubwera pa Khirisimasi kuti akusungire ufa wa mgaiwa. Undiperekere moni kwa alamu ndi ana onse.

Ndine mnzako,
Chisomo